Mbewa za Botolo Lachikasu

Ntchito yanga ndi yolera mbewa. Ndikatero pagulu, anthu amayamba aseka kaye, kenako wina amasendeza mpando wake pang'ono. Koma si mbewa zija zoboola matumba kukhitchini ayi. Zanga ndi zoyera mbee, maso ofiira psuu, zokhala m'chipinda cha makina oziziritsa mpweya, pomwe ine mlezi wake kunyumba ndimadzikupiza ndi chikatoni. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuzisinthira utuchi, kuzithirira madzi ndi kuzikweza pasikelo, m'chipinda chapansi cha nyumba ya ofufuza zamankhwala pa yunivesite. Pachitseko analembapo mawu aatali omwe sindinawamalizepo kuwerenga, koma aliyense amangoti "kwa Nduna ya Mbewa". Ndunayo ndine.

Ine ndi sukulu tinasiyana mwamtendere ndili pakati pa sekondale, palibe anatengera mnzake kukhoti. Komabe ukakhala zaka zonsezo ukutsuka makola a anthu ophunzira, nzeru zina zimakudonthera ngati wagona pansi pa denga lobooka. Vuto lake sizidontha zonse. Zimadontha theka, ndipo theka la nzeru ndi lomwe linatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito kutangotsala zaka ziwiri kuti ndipume.

Bwana wathu ndi pulofesa wamtali, wadazi lowala, amene kuseri timawatcha a Umboni. Ukawauza chilichonse, ngakhale zoti panja kukugwa mvula, amakweza magalasi n'kufunsa kuti, "Umboni uli kuti?" Mlonda wa pageti anafika powabweretsera ambulera yonyowa mu ofesi.

Chaka chatha a Umboni analandira mtsikana wina wochita maphunziro apamwamba, woonda, wakhama, wodya buledi ataimirira. Ine ndinamupatsa dzina loti Dokotala wa Mawa, iye amanditchula kuti amalume. Ntchito yake inali yoyesa tsamba lina la mankhwala achikuda, kuona ngati lingathandizedi matenda ovutika maganizo. Mukuwadziwa matenda ake: munthu chakudya sakuchimva kukoma, m'mawa bulangete likumulemera ngati thumba la simenti, mnzake akagogoda amangokhala phee kuti azioneka ngati wachoka.

Tsono minga inali apa. Tsambalo linachokera kwa alamu anga, akulu ake a mkazi wanga. Alamuwo amagulitsa zitsamba pamsika, pakati pa wokonza mafoni ndi wosoka nsapato. Ndi mayi wa magalasi a dzuwa pamutu, pakamwa posafuna batire, ndi mafoni awiri: ina ya makasitomala, ina yoimbira namwino wa kuchipatala akaona kuti wodwala wawakulira. Tsamba lawolo analipatsa okha dzina loti dzukapo. A Umboni ali nalo lawo lalitali la m'mabuku, lomwe ukalitchula kawiri umamva ludzu.

Ineyo dzukapo ndinamwapo. Chaka chomwe anamwalira mng'ono wanga, matendawa anandigwira mpaka nthabwala zinandithera, ndipo mkazi wanga anachita mantha kuposa ndikanathyoka mwendo. Anandikokera kwa akulu ake. Milungu itatu, ndikaweruka, ndinkakhala pabenchi kuseri kwa mashelefu awo, kumwa kapu ya madzi owawa ngati ndulu, iwo akundinyoza za jekete langa ndi kundithira miseche ya msika wonse. Mlungu wachinayi ndinawabwezera chipongwe chimodzi, iwo n'kuti, "Basi mwachira alamu, chokani pabenchi, pali odwala enieni." Choncho za tsambalo ine sindinkafuna umboni wa munthu.

Dokotala wa Mawa anandifotokozera dongosolo lake titaimirira pakati pa mashelefu.

"Amalume, mbewa makumi atatu, iliyonse m'khola lakelake. Mopanda mnzake, mopanda choseweretsa, milungu inayi. Mbewa ikasungulumwa choncho imataya mtima ngati munthu."

"Ndiye mudziwa bwanji kuti yataya mtima? Ilemba kalata?"

"Tidzaiika mu mtsuko wagalasi wa madzi ofunda, mphindi zisanu ndi imodzi. Yolimba mtima imasambira kufunafuna potulukira. Yotaya mtima imangoyandama. Ine ndidzawerenga ndi wotchi kuti yayandama nthawi yaitali bwanji, inu mudzaipukuta ndi thaulo."

"Ndiye kuti ine Lolemba lililonse ndimayandama."

Sanaseke. Mwanayu kuseka ankakusungira tsiku lolandira digiri. Anandionetsa mabotolo atatu akuda bii, ofanana ngati obadwa tsiku limodzi, osiyana tepi yokha: yofiira, yobiriwira ndi yachikasu. M'limodzi munali dzukapo, m'lina mankhwala a kuchipatala, m'linalo madzi chabe. Botolo lililonse linali la mbewa khumi, za shelefu yakeyake, ndipo m'mawa uliwonse iye ankazimwetsa ndi kajakisoni kopanda singano, kokutidwanso ndi tepi kuti asaone mtundu wa zamkati.

"Nanga la alamu anga ndi liti?"

"Sindikudziwa, amalume, inunso musadziwe. A pulofesa anathira, mlembi ndi amene anamata matepi atadzitsekera yekha, n'kulemba pakapepala. Envelopu yake tidzaitsegula tikamaliza kuyeza zonse."

"Mukuopa wakuba?"

"Tikuopa mtima. Munthu akadziwa gulu lomwe akulikonda, dzanja limakondera lokha. Ndiye inu yanu ndi utuchi, chakudya, madzi. Osazilankhula, osazigwiragwira. Zonse chimodzimodzi."

Envelopuyo mlembi anaikiyira mukabati momwe amasungamo shuga wa tiyi, malo omwe chiyambire palibe anafikamo n'kubwerako wamoyo.

Lamlungu alamu anabwera kunyumba monga mwa nthawi zonse, anakhala pampando wanga monga mwa nthawi zonse, n'kuvula nsapato.

"Alamu, odwala anga ali bwanji kumeneko?"

"Akupereka moni. Ena akuti muchepetseko kuwawa."

"Msika wonse ndauuza kuti dzukapo wapita ku yunivesite. Wokonza mafoni akuti tsamba langa likalephera mayeso, andigawira tebulo ndizigulitsa machaja. Ndiye mumve. Pamene abale ankati mng'ono wangayu sangakwatiwe ndi munthu wotsuka zimbudzi za mbewa, anakuimirirani ndani?"

"Ndinu, alamu."

"Likagwa tsambalo, ndibwera ndi galimoto kudzamutenga."

Mkazi wanga ali kukhitchini anayankha kuti chikwama chake chinapakiridwa kalekale. Tonse tinaseka, koma ine ndinasiya msanga. Ndinkaona m'maganizo a Umboni akulemba ndi cholembera chawo chofiira kuti tsamba lomwe linandidzutsa ine ndi udzu wamba.

Lolemba ndinayamba kafukufuku wangawanga. Botolo lobiriwira ndinalichotsa msanga m'maganizo mwanga. Anthu ophunzira sangaike masamba m'botolo la tepi yobiriwira, umenewo ndi msampha wotchera anthu ngati ife. Anatsala awiri. Tsono a Umboni amawerenga mabuku, ine ndimawerenga ndowe. Posintha utuchi ndinaona kuti tindowe ta shelefu yachikasu tinali tofewa ndi toderako kuposa ta zinazo. Ndinakumbuka zomwe dzukapo anandichita m'mimba mlungu woyamba uja, zomwe sindinganene pano chifukwa ena mukudya. Chamumtima ndinati, ndakupeza.

Botolo sindinakhudze ndi limodzi lomwe, ndinene zimenezo poyera. Ine si wakuba. Ndinangoti mwana wanzeru amafunikabe kumugulira nyali yowerengera. Ndinayamba ndi timapaipi tija totsala mapepala a kuchimbudzi akatha, tomwe ndinkatola m'nyumba yonse ya ofufuza ija mpaka mayi wokolopa anayamba kundiyang'ana mwachifundo. Dokotala wa Mawa akangomaliza kumwetsa n'kukwera kumwamba, ine ndinkaponya kapaipi m'khola lililonse lachikasu, ndi timapepala tong'ambang'amba tomangira chisa. Mbewa n'kumalowera uku, kutulukira uko, ngati zagula nyumba. Kenako ndinawonjezera mtedza umodziumodzi. Kenako kawayilesi kanga, motsitsa. Masana ndinkazichezetsa ziwiriziwiri m'khola limodzi, ine nditakhala pandowa yovundikira, ndikuziuza nkhani za m'minibasi. Michira yake inali ndi manambala, choncho iliyonse inkabwerera kwawo bwinobwino. Nthawi yoweruka isanakwane ndinkachotsa zonse n'kubisa m'thumba la pulasitiki kuseri kwa matumba a utuchi.

Zinafika pokhala ndi mayina. Panali Kondakitala, wosakhazikika pansi. Mayi Busa, osamba kumaso kasanu pa ola. Ndi Loya, amene ankalandira mtedza n'kubweranso kudzafunsa wina ngati sanalandire. Ndikalowa m'mawa, shelefu yachikasu yonse inkaimirira ndi miyendo iwiri. Zofiira ndi zobiriwira zinkangondiyang'ana zili khuma pakona. Zimenezo zinkandiluma mumtima, sindikana, koma ndinkati pepani anzanga, aliyense ali ndi m'bale wake.

Tsiku loyeza, Dokotala wa Mawa anabwera atavala gauni yoyera yochita kusita, wotchi pakhosi. Zofiira zinasambira pang'ono n'kuyandama. Zobiriwira chimodzimodzi. Zitafika zachikasu, madzi anatifikira kumaso. Kondakitala anazungulira mtsuko ngati akuitanira okwera, mphindi zonse zisanu ndi imodzi osapuma. Loya anayesa kukwera galasi. Ngakhale Mayi Busa, ndi ulemu wawo wonse, anapalasa madzi mpaka wotchi inalira. Mtsikana uja ankalemba manambala m'buku lake.

"Amalume, kaya m'botolo lachikasuli muli chiyani, koma chikugwira ntchito."

"Tiona," ndinatero ndikupukuta Loya ndi thaulo, nkhope ngati ya mlendo wongofika kumene.

Lachinayi m'mawa tinasonkhana m'chipinda chomwera tiyi: a Umboni, mtsikana uja, mlembi ndi makiyi ake, ine pakhomo ndi kapu yanga yopanda chogwirira. A Umboni anang'amba envelopu, anakweza magalasi.

"Lofiira, mankhwala a kuchipatala."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu wodziwa kale.

"Lobiriwira, tsamba."

Tiyi anandilowera m'mphuno. Ndinayang'ana mlembi. Iye n'kuti, "Nanga masamba si obiriwira? Ndimafuna ndisasokoneze."

"Lachikasu," anatero a Umboni pang'onopang'ono, "madzi."

Milungu inayi ndinakhala ndikunyengerera mbewa zomwa madzi, ndipo madziwo anagwetsa alamu anga ndi chipatala chomwe tsiku limodzi.

A Umboni sakalipa, n'chifukwa chake amaopsa. Anapinda kapepala kaja kanayi n'kuyang'ana mtsikana uja.

"Madzi sachiza matenda amenewa. Ngati manambala akuti amachiza, wina anasokoneza mabotolo kapena makola. Amene ankamwetsa ndi inu."

"Bwana, sindinasokoneze. Tsiku lililonse ndinkalemba m'buku."

"Buku lanu likunena zomwe munkaganiza kuti mukuchita. Umboni uli kuti? Lolemba ndilemba kalata ku komiti kuti ntchitoyi iime. Sitingaperekenso mbewa kwa munthu amene sitikudziwa kuti analakwitsa pati. Tsambalonso tilichotsa pamndandanda, pali ena khumi ndi awiri akudikira."

Mtsikana uja sanalire. Anatsuka kapu yake, anaipukuta, anaitsukanso. Kenako anatsikira kwa ine n'kuyamba kuwerenga manambala a pamichira, imodziimodzi, makola onse makumi atatu, kufunafuna pomwe analakwitsa. Atafika pa Loya, Loya anaimirira n'kutambasula timanja kupempha mtedza. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Amalume, inu mwakhalitsa kuno. Munaonapo zoterezi?"

"Mbewa zili ngati anthu, mwanangu. Sizidziwika."

Pa mawu onse opusa omwe ndalankhulapo, ndipo ndi ambiri, amenewo okha ndi omwe ndimachita nawo manyazi. Nkhani inali yachidule. Ndikakhala chete, ntchito yanga ili bwinobwino, zaka ziwiri ndipuma, andipatsa wotchi yapakhoma. Ndikayankhula, amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere anachotsedwa chifukwa chongosiya zenera lotsegula.

Nditaweruka ndinapeza mkazi wanga akusita. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa ndowe. Anaimika simbi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye n'chifukwa chake mapepala a kuchimbudzi ankavulidwa asanathe m'nyumba muno? Ine n'kumakalipira ana."

"Ndimathandiza akulu ako."

"Mukawauze nokha mmene mwawathandizira. Mtolo umenewo ine sindisenza."

Loweruka ndinapita kumsika nditavala jekete lija amalinyozali, kuti mwina chipongwe chithere pajekete. Alamu anamvetsera mpaka pa botolo lachikasu, kenako anaseka. Anaseka mpaka magalasi anagwa pamutu, wokonza mafoni n'kusuzumira, iwo n'kumuuza kuti ayang'ane zake. Atapukuta misozi, nkhope inasintha.

"Ndiye inu alamu munaona kuti tsamba langa silingakhoze mayeso palokha, mpaka kulibera?"

"Si kubera kwenikweni. Ndi kulimbikitsa."

"Kulimbikitsa madzi. Tamverani. Kwa a dazi aja ndinapita ndekha ndi thumba langa, palibe anandikoka. Zaka makumi awiri ndikumwetsa anthu tsamba limeneli. Ngati ndi udzu, ndikufuna ndidziwe ineyo poyamba, uyu wa machajayu asanadziwe. Inu mwangondibweza pomwe ndinayambira."

Ndinayang'ana nsapato za eni ake zomwe zinali pamzere kwa wosoka.

"Nanga zanga zenizenizo, zobiriwirazo, munazisiya zokha pakona milungu inayi, opanda ndi moni yemwe?"

"Ndi lamulo lake, alamu."

"Lamulo munalikumbukira pa mbewa zanga zokha. Mtsikanayo ali ndi mayi ake?"

"Ali nawo."

"Ndiye mbewa yamanyazi inafera kuuna, inu nduna yake simukudziwa? Mukapanda kunena Lolemba, ndibwera ndekha ndi mafoni onse awiri."

Lolemba ndinafika mlonda asanamalize kusesa pageti. Ndinapeza a Umboni akulemba kalata ija pakompyuta ndi zala ziwiri, ngati nkhuku ikutola. Ndinapempha kuti aitane Dokotala wa Mawa. Anabwera maso atatupa, buku lake m'khwapa.

"Bwana, mwanayu sanalakwitse kanthu. Mbewa zachikasu ndinazisangalatsa ndine."

"Munazitani?"

"Ndinazisangalatsa. Zoseweretsa, mtedza, wayilesi, alendo. Ndimayesa ndi za tsamba la alamu anga."

A Umboni anakweza magalasi, ndipo ine ndinali nditakonzeka kale.

"Umboni uli kuti?"

Ndinakhuthula thumba la pulasitiki patebulo pawo. Timapaipi makumi anayi totafunidwatafunidwa tinagubuduzika pamapepala awo, makoko a mtedza pambuyo, kawayilesi pomalizira. Kapaipi kamodzi kanagwera mukapu yawo ya tiyi. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Izi zikungoonetsa kuti mumatola zinyalala."

Ndiye tinatsikira pansi tonse atatu. Ndinaima pakhomo n'kuimba kamluzu kanga ka m'mawa. Zofiira, phee. Zobiriwira, phee. Zachikasu zonse khumi zinadzuka ndi miyendo iwiri ngati ana a sukulu walowa mphunzitsi wamkulu, Loya patsogolo, timanja m'mwamba.

Dokotala wa Mawa anakhala pandowa yanga ija.

"Amalume, Loweruka ndinawaimbira mayi anga kuti mwina ndibwerera kunyumba."

"Ndakulakwira, mwanangu. Lachinayi lija ndinayenera kunena pomwepo. Palibe nthabwala yomwe ndingaphimbire zimenezo."

Mwana uja anafunsa kuti, "Koma munaganiza bwanji kuti lachikasu ndi la tsamba?"

"Ndowe zake. Zinali zofewa, zoderako."

Anadzuka, anatenga buku la chakudya lomwe ndimalembamo ndekha, anatsegula masamba angapo n'kuloza ndi chala.

"Mlungu woyamba munatsegula thumba latsopano la chakudya. Munayambira shelefu iti?"

Ndinayang'ana pomwe ankalozapo. Zolemba zake zinali zangazanga, zopendama ngati mpanda wakale: shelefu yachikasu. Ndipo mwana uja anaseka. Kuseka konse komwe ankasungira tsiku la digiri anakumaliza pomwepo, atagwira shelefu, misozi ili mbwembwembwe. Kondakitala anayamba kuthamanga m'khola poyesa kuti ndi wayilesi.

A Umboni sanaseke nawo. Anali atatulutsa cholembera chofiira chija.

"Timapaipito tinkakhalamo maola angati?"

"Kuyambira mwanayu akakwera mpaka nthawi yoweruka, bwana."

"Kucheza?"

"Theka la ola. Loya akakhala ndi mlendo wabwino, kupitirirako."

"Loya ndi ndani?"

"Nambala seveni, bwana."

Analemba, analembanso, kenako anatseka cholembera.

"Mwawononga milungu inayi, mbewa makumi atatu, ndipo munatsala pang'ono kuwononga munthu. Mulandira kalata yochenjeza, yoyamba ndi yomaliza. Mwa lamulo ndiyenera kukuchotsani. Koma munabwera nokha, ndipo ndikakuchotsani palibe wina pa yunivesite ino amene angachite zopusa zimenezi mofanana kawiri. Tibwereza zonse. Magulu akhala anayi."

Zinaterodi. Mashelefu atatu a mabotolo anawasamutsira kuchipinda china, kwa mnzanga wolera makoswe, munthu amene salankhula ndi mkazi wake yemwe. Ine anandiletsa kufika ndi pakhomo pomwe. Gulu lachinayi linali la madzi chabe kuphatikiza ineyo, koma tsopano mwa dongosolo. Pakhoma anamata pepala: timapaipi maola asanu ndi limodzi, mtedza umodzi, kucheza theka la ola, nkhani za m'minibasi mphindi khumi. Dokotala wa Mawa ankaima pambali ndi wotchi yake. Simunavutikepo ngati simunanenepo nthabwala kwa mbewa pali munthu akuwerenga mphindi. Tsiku lina wotchi inalira ndisanafike pothera nkhani, iye n'kuti, "Basi amalume, mawa." Mbewa zinagona osadziwa kuti dalaivala anamuyankha chiyani wapolisi.

Zakale zija makumi atatu anazipumitsa. Zili m'makola aakulu pakona, ntchito yake ndi yophunzitsira ophunzira atsopano kagwiridwe ka mbewa. Zofiira ndi zobiriwira ndinazipatsa timapaipi tiwiritiwiri ngati chipepeso. Loya akupemphabe.

Envelopu yachiwiri inatsegulidwa patapita miyezi iwiri, ndipo ulendo uno mlembi anauzidwa kuti asathandize. Za madzi okha zinayandama. Za mankhwala a kuchipatala zinasambira. Za dzukapo zinasambiranso, kumbuyo pang'ono kwa za chipatala, koma madzi zinawasiya kutali. Zanga zinafika phewa ndi phewa ndi za alamu. A Umboni anayang'ana manambalawo mpaka tiyi wawo anazizira.

"Zikuoneka ngati pali kanthu," anatero. "Tiyesenso, tionenso ngati silipweteka chiwindi. Za anthu tisafulumire."

Amene sawadziwa angati ndi mawu ozizira. Ife owadziwa tinaona kuti pamenepo avina. Dokotala wa Mawa anatuluka panja kukaimbira mayi ake, ndipo tsiku limenelo buledi anadya atakhala pansi.

Loweruka ndinapita kumsika ndi uthengawo.

"Miyezi yonseyi, mbewa zonsezo, kuti anene kuti pali kanthu?" anatero alamu. Kenako anatembenukira kwa wokonza mafoni n'kukweza mawu kuti amvenso a nsapato. "Akuti pali kanthu. Machaja ako ugulitse wekha."

"Ndiye galimoto ija sibweranso?"

"Yaimitsidwa kaye, tionenso chiwindi. Bwerani kuno."

Ananditengera kuseri kwa mashelefu. Benchi lakale lija analichotsa, anaikapo lalitali. Kumapeto kwake kunakhala bambo wina wa msinkhu wanga, kapu ya madzi owawa m'manja, maso pansi, malaya atamangidwa mabatani mosemphana. Nkhope imeneyo ndinaidziwa, ndinaivalapo.

"Paja kwanuko mumati chinthu chimayamba chayesedwa pa mbewa, kenako pa anthu," anatero alamu motsitsa mawu. "Inu pa mbewa munakhoza. Loweruka lililonse, apa. Mtedza muzibwera nawo wanu."

Ndinakhala pansi. Bamboyo sanadzutse mutu. Ndinamupatsa moni, anayankha ndi mphuno. Ndinamuuza kuti madziwo mlungu woyamba amawawa, wachiwiri amawawabe, koma umakhala utazolowera mwini wake. Tinakhala choncho, wosoka nsapato akukhoma kuseriko. Patapita nthawi anafunsa, maso ali mukapu momwemo.

"Inu mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimalera mbewa."

Anandiyang'ana koyamba. Ndinadikira kuti asendere kutali monga amachitira onse. Iye anaika kapu pabenchi pakati pathu.

"Zimaluma?"

"Imodzi yokha, ndipo ndi loya," ndinatero, n'kutulutsa mtedza m'thumba la jekete.